Sikelo ya Banki Yaikulu ndi thumba la chimanga

Kumayambiriro kwa 2024, akuluakulu a Reserve Bank of Malawi anali ndi manambala atatu pamaso pawo. Yoyamba inkati mitengo ya zinthu m'dziko muno yakwera ndi pafupifupi 35 peresenti poyerekeza ndi chaka chapitacho. Yachiwiri inkati chakudya chokha chakwera kupitirira 40 peresenti. Yachitatu, ya zinthu zonse zomwe si chakudya, inali pamwamba pang'ono pa 20 peresenti. Mu Febuluwale bankiyo inalengeza kuti chiwongola dzanja chake chachoka pa 24 kufika pa 26 peresenti. Ena anati yanyanya, pakuti chiwongola dzanja sichigwetsa mvula. Ena anati yachedwa. Mkangano wonsewo unali pa funso limodzi lakale: pa manambala atatuwo, banki ikhulupirire iti?

Nyumba yomwe funsoli limakambidwira ili ku City Centre, mumsewu wa Convention Drive, ndipo sisoweka chifukwa cha kamangidwe kake kotambalala kumwamba. Ukachoka pamenepo n'kuyenda pang'ono umafika pamsika wa Area 13, pomwe masana anthu a m'maofesi amadzaza mabenchi kudya nsima ya nyemba, ya nkhuku yachikuda kapena ya mang'ina. Amayi ophika pamsikapo sawerenga zikalata za banki. Koma amadziwa kuti tomato akadula mu Januwale adzatsika yekha mvula ikatha, ndipo amadziwanso kuti tsiku lomwe akweze mtengo wa mbale ya nsima, mtengowo sudzabwereranso, ngakhale chimanga chitachuluka pokolola. Chimene amayiwa amachidziwa ndi chomwe akatswiri a zachuma akhala akuyesa kuchiyeza kwa zaka makumi asanu: m'kukwera kwa mitengo muli kwina kongodutsa, muli kwina komwe kwadza kudzakhala.

Banki yathu inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1964 ndipo inayamba ntchito mu Juni 1965 ku Blantyre, kulowa m'malo mwa Bank of Rhodesia and Nyasaland ya nthawi ya chitaganya. Kwacha inabwera mu 1971, makwacha awiri kusinthana ndi paundi imodzi, ndipo chaka chomwecho John Tembo anakhala gavanala, udindo womwe anaugwira mpaka 1984. Likulu la dziko litachoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, banki inatsatira mu 1981.

Masiku amenewo funso lathuli silinkasowetsa munthu tulo. Boma la Kamuzu linkaika lokha mitengo ya zinthu zambiri. ADMARC inkagula ndi kugulitsa chimanga pa mtengo umodzi kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, mtengo wa kwacha unkalengezedwa, ndipo mabanki ankapatsidwa malire a ngongole zoti abwereketse. Kalembera wa mitengo ankachitika m'tauni, mabanja atagawidwa malinga ndi kapezedwe kawo, ndipo misika ya kumudzi, komwe kuli anthu ambiri, inadzalowa pambuyo pake. Boma likamalamula mitengo, sikelo yoyezera mitengoyo imangobwereza zomwe bomalo lanena.

Zinthu zinayamba kusintha mu 1981, dziko litalowa m'ngongole za World Bank zokonzanso chuma. Mitengo inamasulidwa pang'onopang'ono m'zaka za m'ma 1980. Mu 1987 amalonda wamba analoledwa kugula mbewu kwa alimi, mu 1989 lamulo la banki linalembedwanso, ndipo mu Febuluwale 1994 kwacha inasiyidwa kuti msika uiikire mtengo. Dola imodzi, yomwe inkagulidwa ndi K4 ndi kanthu, pomatha chaka inali pa K15. Onjezeranipo chilala cha 1992 ndi cha 1994, ndi boma lowononga ndalama zoposa zomwe latolera. Mu 1995 mitengo inakwera ndi 83 peresenti. Apa ndi pomwe funso linayamba kuluma: pa 83 imeneyo, gawo la chilala ndi lalikulu bwanji, la kugwa kwa kwacha ndi lalikulu bwanji, nanga la ndalama zochuluka zothamangitsa katundu wochepa? Banki ili ndi mphamvu pa ziwiri zomalizazo. Pa mvula ilibe.

Nzeru yochotsa zinthu zina pa sikelo sinabadwire kuno. Inabadwira ku America m'zaka za m'ma 1970, ndipo kubadwa kwake kuli ndi chenjezo. Kumapeto kwa 1973 mayiko a Aluya atachepetsa mafuta ogulitsa kunja, mtengo wake unakwera pafupifupi kanayi m'miyezi yochepa, chakudya nachonso chikukwera. Arthur Burns, yemwe ankatsogolera Federal Reserve, banki yaikulu ya ku America, ankati zonsezi n'zongodutsa, si ntchito ya banki. Stephen Roach, yemwe panthawiyo anali wachinyamata wogwira ntchito m'bankiyo, anadzafotokoza patapita zaka zambiri kuti Burns anauza antchito ake achotse mafuta pa chiwerengero, kenako chakudya, kenako chilichonse chomwe chakwera kwambiri, mpaka panatsala kagawo kochepa ka dengu lonse la katundu wowerengedwa mitengo, nakonso kakukwera mothamanga. Moto umenewo anadzauzimitsa ndi Paul Volcker, yemwe atadzatsogolera bankiyo anakweza chiwongola dzanja kufika pafupifupi 20 peresenti cha m'ma 1980 ndi 1981, ndipo anthu ochuluka anachotsedwa ntchito. Komabe muyeso wochotsa chakudya ndi mafutawo unakhazikika. Katswiri wa zachuma Robert Gordon anaugwiritsa ntchito m'kafukufuku wa 1975, katswiri wina, Otto Eckstein, anatulutsa buku lokamba za muyesowu mu 1981, ndipo dzina loti core inflation linafalikira m'mabanki a dziko lonse.

Tisaupeputse, pakuti maganizo ake ndi olongosoka. Chiwongola dzanja chikakwezedwa lero, zotsatira zake zimaoneka pakapita miyezi yambiri, mwinanso chaka. Banki ikamathamangira kukweza chifukwa ndiwo zamasamba zadula nyengo ya mvula, pomwe chiwongola dzanjacho chizidzayamba kugwira ntchito masamba adzakhala atatsika kale, koma wabizinesi yemwe anatenga ngongole yogulira chigayo adzakhala atapsinjika pachabe. N'chifukwa chake banki iliyonse imafuna kudziwa phata la kukwera mitengo, gawo lomwe silichoka lokha.

Vuto lili pa njira yopezera phatalo. Ku America, pa ndalama 100 zilizonse zomwe banja limawononga, zogulira chakudya sizifika 15. Kwathu kuno National Statistical Office ya ku Zomba, yomwe imatumiza anthu m'misika ya m'mizinda ndi ya kumudzi mwezi uliwonse kukalemba mitengo, imapeza kulemera kwa chinthu chilichonse kuchokera m'kafukufuku wamkulu wa momwe mabanja amagwiritsira ntchito ndalama. Mu dengu lomwe linkayambira chaka cha 2000, chakudya chinali 58.1 peresenti. Litakonzedwanso mu 2013 chinali 50.2, mu 2018 chinatsika kufika pa 45.2, ndipo dengu lotsatira, lochokera m'kafukufuku wa 2019 mpaka 2020 yemwe anafikira mabanja oposa 11,000, linachikwezanso kufika pa 53.7 peresenti. Njira ya ku America ili ngati kupeta chimanga chokonola, kuti gaga achoke, mphale itsale. Koma ukachotsa chakudya mu dengu la Mmalawi, chomwe wataya ndi mphale.

Ndipo chimanga sichikwera chokha. Chikadula, waganyu amakweza mtengo wa mzere chifukwa amaliwerengera tsiku lake m'zigoba za ufa. Chakudya cha nkhuku chimakwera, mazira n'kutsatira. Sukulu zogonera komweko zimalembera makolo kalata. Wakabaza amawonjezera, mwini nyumba ku Chinsapo amagogoda pachitseko, mabungwe a anthu apantchito amayamba kukamba za malipiro. Pofika Meyi chimanga chatsopano chimatsitsa mtengo pamsika, koma lendi, fizi ndi kabaza zimakhala pomwe zinafikapo. James Walsh wa ku IMF analemba mu 2011 zomwe mayi aliyense wa kwa Mtandire akanamuuza: m'mayiko osauka kukwera kwa chakudya kumatenga nthawi kuti kuthe, ndipo kumafalikira ku mitengo ina kuposa momwe zimachitikira m'mayiko olemera. Banki yomwe yatseka maso pa chimanga imadzadziwa za vuto litafalikira kale.

Mayiko ofanana nafe anayesa njira zosiyanasiyana. South Africa itayamba kudziikira malire a 3 mpaka 6 peresenti mu 2000, inasankha muyeso wochotsa chiwongola dzanja cha ngongole za nyumba koma wosiya chakudya momwemo, ndipo mu 2009 inabwerera ku mitengo yonse. Thailand inatsata phata kuyambira 2000 n'kulisiya mu 2015. India inakambirana nkhaniyi mozama, ndipo mu 2016 inakhazikitsa 4 peresenti pa mitengo yonse, chifukwa anthu ake ambiri ndalama zawo zimathera pa chakudya. Uganda ndiyo inatenga njira ina. Kuyambira 2011 banki yake imalonjeza 5 peresenti pa phata, koma phata lake silitaya chakudya chonse: limachotsa mbewu zochokera kumunda, mafuta, magetsi ndi madzi, n'kusiya zakudya zokonzedwa m'mafakitale. Zambia imatsata mitengo yonse, pakati pa 6 ndi 8 peresenti. Banki yathu nayo cholinga chake ndi 5 peresenti pa mitengo yonse.

Apo inasankha bwino. Koma pofotokoza zifukwa zokwezera kapena zotsitsira chiwongola dzanja, nambala yomwe timatembenukirako kawirikawiri ndi yachitatu ija, ya zinthu zomwe si chakudya. Imeneyo ndiyo yakhala ikugwira ntchito ya phata m'makambirano athu. Mbiri ya zaka zaposachedwa ikuonetsa pomwe nambalayi imathandiza ndi pomwe imasocheretsa.

Taganizani za 2011. Boma la Bingu wa Mutharika linakana kugwetsa kwacha mokwanira, dola inasowa m'mabanki, magalimoto ankagona pa mizere ya mafuta, ndipo pa 20 Julayi anthu anatuluka m'misewu, 20 n'kuphedwa. Koma sikelo inkanena kuti mitengo chaka chimenecho yakwera ndi ochepera 10 peresenti. Sinkanama. Inkalemba mtengo wovomerezeka wa petulo yemwe kunalibe, ndi mtengo wa dola yomwe sumaipeza. Pa 7 Meyi 2012, Joyce Banda atangolowa m'boma, kwacha inachoka pa pafupifupi K168 kufika pa K250 pa dola, mtengo wa mafuta unamasulidwa, ndipo zonse zomwe zinabisala zinatulukira pamodzi. Pofika Febuluwale 2013 chiwerengero chinali pa 37.9 peresenti. Chaka chomwecho kuba kwa ndalama za boma ku Capital Hill, pamtunda wongoyenda pansi kuchokera ku banki, kunachititsa mayiko othandiza kuimitsa thandizo la bajeti, ndipo boma linayamba kubwereka kwambiri m'dziko momwemuno. Kusefukira kwa madzi kwa 2015 ndi chilala cha 2016, chomwe chinasiya anthu oposa 6 miliyoni akufuna thandizo la chakudya, zinapeza chiwongola dzanja chili kale pamwamba. Gavanala Charles Chuka anachifikitsa pa 27 peresenti mu Novembala 2015.

Chaka cha 2017 chinabweretsa mayeso a mtundu wina. Mvula inagwa bwino, chimanga chinachuluka, ndipo chifukwa boma linali litaletsa kuchigulitsa kunja, mtengo unagwa mpaka alimi kulira. Pofika Disembala chiwerengero chinali pa 7.1 peresenti. Banki ikanangoyang'ana nambala yaikuluyo ikanatha kudzitamandira pa ntchito yomwe yagwira ndi mvula. Apa nambala yachitatu inathandiza kwenikweni: inaonetsa kuti zinthu zomwe si chakudya nazonso zikukwera mochepa kusiyana ndi kale, chifukwa kwacha inali itakhazikika cha pa K730 pa dola. M'chaka chimodzi chimenecho chiwongola dzanja chinatsitsidwa kuchoka pa 24 kufika pa 16 peresenti, ndipo pansi pa magavanala Dalitso Kabambe ndi Wilson Banda chinapitiriza kutsika mpaka 12 peresenti mu 2020. Ndimakhulupirira kuti kutsitsako kunali koyenera, ndipo zaka zinayi za mitengo yodekha zomwe zinatsatira ndi umboni.

Zomwe zinabwera kenako tonse tinaziona. Nkhondo ya ku Ukraine inakweza feteleza, tirigu ndi mafuta. Mu Febuluwale 2022 munatuluka ndalama ya pepala ya K5,000. Mu Meyi kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Malichi 2023 namondwe Freddy anakokolola minda ya kummwera, ndipo mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, kufika pa K1,700 pa dola. Mu Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya chilala. Pasanathe zaka ziwiri chiwongola dzanja chinakwera kuchoka pa 12 kufika pa 26 peresenti.

M'nyengo imeneyi mawu omwe ankamveka kawirikawiri anali oti vuto ndi chakudya, zinthu zina zili bwinoko. Mawuwa ali ndi zibowo ziwiri. Choyamba, nambala ya zinthu zomwe si chakudya ili ndi mitengo yambiri yomwe msika suiika. Mafuta ndi magetsi amadikira chilolezo cha MERA, madzi amadikira boma. Petulo anakhala pa K2,530 pa lita kuyambira Novembala 2023 kwa pafupifupi zaka ziwiri, pomwe madalaivala ankaswera pa mizere ndi kugula wa m'zigubu pa mtengo wokwera kwambiri. Dola ya ku banki inali cha pa K1,750, ya pamsika wamseri inapitirira kawiri pamenepo. Zinali ngati 2011 yabwereranso: nambala yodekha pamwamba pa msika wosadekha.

Chachiwiri, si kukwera konse kwa chakudya komwe kumachokera kumitambo. Feteleza yemwe amalimira chimanga timagula kunja, ndipo thumba lomwe linali pa K20,000 ndi kanthu mu 2020 linadzapitirira K100,000. Tirigu wa buledi ndi wakunja, mafuta ophikira ambiri amayambira kunja, ndipo chimanga cholowa kuchokera ku Tanzania, Mozambique ndi Zambia chimagulidwa ndi ndalama zosinthidwa pa mtengo wa pamsika. Kugwa kwa kwacha ndi ngongole za boma, zinthu zomwe zili pakhomo penipeni pa banki ndi unduna wa zachuma, zimalowera m'thumba la chimanga n'kuwerengedwa ngati tsoka la nyengo. Ochita malonda a kaunjika omwe anaguba kupita ku Nyumba ya Malamulo mu Febuluwale 2025 chifukwa cha mtengo wa mabelo, ndi amayi omwe nthawi yomweyo ankafunsidwa K100,000 pa thumba la chimanga m'misika ina, ankadandaula za matenda amodzi, ngakhale sikelo inawaika m'magulu awiri.

Ena amati ngati zili choncho, chiwongola dzanja n'chopanda ntchito m'dziko ngati lathu. Mfundo yawo ili ndi mbali yoona. Mlimi wa ku Mitundu sabwereka ku banki, amapita ku banki m'khonde kapena kwa wakatapila. Wobwereka wamkulu m'mabanki athu ndi boma lenilenilo, ndipo chiwongola dzanja chikakwera, ndalama za misonkho zomwe zikanagula mankhwala zimapita kolipira ngongole. Koma kuisiya banki osachitapo kanthu kulinso ndi mtengo wake. Pomwe mitengo ikukwera ndi 30 peresenti, wosunga ndalama ku banki amaluza mwezi uliwonse, ndiye amathamangira kugula dola, simenti kapena matumba a chimanga oti asunge, ndipo kuthamanga kumeneko kumakwezanso mitengo. Banki iyenera kuchita mbali yake, ndipo kuti iichite bwino iyenera kuona bwino.

Njira zoonera bwino zilipo, ndipo si zachilendo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Michael Bryan ndi Stephen Cecchetti, pogwira ntchito ndi nthambi ya Federal Reserve ya ku Cleveland, anaonetsa kuti palibe chifukwa chosankhiratu zinthu zoti zizichotsedwa nthawi zonse. Mwezi uliwonse ungondandalika katundu yense kuyambira yemwe watsika kwambiri mpaka yemwe wakwera kwambiri, udule nsonga ziwirizo, uwerenge zapakati. Potero chimanga chimachoka mwezi wokhawo womwe chalumpha chokha, koma chikamakwera limodzi ndi sopo, shuga ndi lendi chimatsala, n'kuuza banki kuti vuto lafalikira. Kwathu njirayi payokha siyokwanira, pakuti chimanga n'cholemera kwambiri mu dengu moti kudula nsonga sikungachichotse chonse. N'chifukwa chake pafunika miyeso ingapo yoyendera limodzi: wina wonga wa ku Uganda, wochotsa mbewu za kumunda koma wosiya ufa wa m'mapaketi, shuga, buledi ndi mafuta ophikira, wina wochotsa mitengo yonse yoikidwa ndi boma kuti tione chomwe msika weniweni ukuchita. Miyesoyo ikaloza kumodzi, banki ichitepo kanthu mosazengereza. Ikasiyana, ifotokoze chifukwa chake.

Gawo lotsalalo, la mvula ndi nyengo ya njala, lili ndi eni ake, ndipo ali ku Kanengo. National Food Reserve Agency inakhazikitsidwa mu 1999 kuti isunge chimanga cha dziko. Chimanga chimenecho chitagulitsidwa nkhokwe n'kutsala zopanda kanthu, njala ya 2001 mpaka 2002 inapha anthu ndipo mtengo wa chimanga unakwera kangapo m'miyezi yochepa. M'dziko lomwe chakudya chili theka la sikelo, kugula chimanga msanga pokolola ndi kuchitulutsa pa nthawi yake mu Januwale kumagwira ntchito pa mitengo yomwe chiwongola dzanja sichingaigwire. Muyeso wabwino wa phata umathandizanso pamenepa, chifukwa umaonetsa poyera gawo la banki, gawo la unduna wa zachuma ndi gawo la osunga nkhokwe, ndipo palibe yemwe angabisale kumbuyo kwa mnzake.

Pali chinthu china chomwe manambala a dziko lonse amachiphimba. Banja la ku Area 10 kapena Area 43 limawononga gawo laling'ono la ndalama zake pa chakudya, zambiri zimapita ku galimoto, fizi ndi magetsi. Banja la ku Kauma, komwe kumachokera alonda ndi antchito a m'nyumba zomwezo, pafupifupi zonse zimathera pa ufa, ndiwo, makala ndi lendi. Nambala ya zinthu zomwe si chakudya imafanana kwambiri ndi moyo wa banja loyambalo. Bungwe la Centre for Social Concern, lomwe kwa zaka zambiri lakhala likuwerengera mwezi ndi mwezi ndalama zomwe banja la m'tauni limafunika kuti lipeze zofunika pamoyo, limatikumbutsa za banja lachiwirilo. Mayi wa ku Kauma akamva pa wailesi kuti zinthu zakwera ndi 20 peresenti pomwe iye akuona 40, amasiya kukhulupirira banki. Ndipo banki yomwe anthu saikhulupirira imafooka, chifukwa wogulitsa aliyense amaika mtengo wa mawa potengera mantha ake, osati lonjezo la 5 peresenti.

Lamulo latsopano la 2018 linapatsa Reserve Bank ufulu wochulukirapo wodziyimira payokha, ndipo ufulu umenewo umadza ndi udindo wofotokozera anthu. Pempho langa kwa banki ndi kwa National Statistical Office ndi lakuti miyeso ya phata, yokonzedwa molingana ndi dengu la Mmalawi, izituluka poyera mwezi uliwonse pambali pa manambala atatu aja, limodzi ndi chiwerengero chapadera cha mabanja osauka, ndipo izifotokozedwa pa wailesi m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao. Phata likhale chida chothandiza banki kuganiza, koma lonjezo la 5 peresenti likhalebe pa mitengo yonse, chimanga chili momwemo. Aphungu athu, gavanala akadzabwera ku komiti yanu, mufunseni zonse ziwiri.